Pikiapu imanjenjemera ikamanyamuka

Funso: Ndimanyamula katundu ku Luwinga, mu Mzuzu, pa pikiapu ya magiya osintha ndi dzanja. Ndikamasiya klatchi pa giya yoyamba galimoto yonse imanjenjemera, makamaka pachitunda. Kodi vuto n'chiyani?

Yankho: Bambo, choyamba onetsetsani nthawi imene kunjenjemerako kumatha. Ngati kumaleka mukangochotsa phazi pa klatchi, kawirikawiri vuto limakhala klatchi puleti yonyowa ndi oyilo wodontha kumbuyo kwa injini, kapena flywheel (chitsulo cholemera chozungulira chimene klatchi puleti imagwirapo) yowonongeka ndi kutentha, zimene zimachitika msanga pa galimoto yonyamula katundu wolemera. Komabe musafulumire kutsitsa giyabokosi kuti mufike pa klatchi, chifukwa malabala ogwira injini akang'ambika amachititsanso zomwezi, ndipo makaniko amawaona mosavuta. Kunjenjemerako kukapitirira galimoto ikuthamanga, muwauze ayang'ane propshaft, chitsulo chachitali chimene chimatumiza mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku matayala a kumbuyo.