Beira, mzinda womangidwa padambo

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Mwana wawo wayamba kumene kuyendetsa thanki ya mafuta pakati pa Beira ndi Blantyre, ndiye akufunsa kuti mzindawo ndi waukulu bwanji, komanso n'chifukwa chiyani nkhani zake pawailesi zimangokhala za madzi osefukira.

Mayi, ndiyamba ndi za madzizo, poti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Beira ndi likulu la chigawo cha Sofala ku Mozambique, ndipo ali pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Chakummwera pang'ono, mtsinje wa Buzi nawo umathira pomwepo. Dera lonselo ndi dambo lathyathyathya. Inu a kuchigwa cha Shire mukudziwa zomwe madzi amachita pamalo otere, komabe kwanuko kuli kumtunda kothawira. Ku Beira ngakhale chitunda mungachifune ndi nyali. Madera ena ndi otsika zedi moti nyanja ikadzaza, madzi ake amakhala pamwamba kuposa mabwalo a nyumba za anthu. Mvula yamphamvu ikakumana ndi nyanja yodzaza, madzi amasowa kolowera, amangoima m'misewu. Kamtsinje ka Chiveve, kodutsa pakati penipeni pa tawuni, kamakwera ndi kuphwera motsata nyanjayo.

Nanga anamangiranji mzinda pamenepo? Chifukwa cha doko. Apwitikizi anaikapo kampu ya asilikali mu 1887, ndipo njanji yopita ku Zimbabwe itabwera, malowo anakula mpaka kukhala mzinda mu 1907. Mpaka lero mafuta ndi feteleza wambiri wobwera ku Malawi amatsikira padoko limenelo.

Namondwe wa Idai anafika usiku wa pa 14 March 2019, n'kusasula malata, kugwetsa mitengo ya magetsi ndi kudula msewu. Mu January 2021 kunabweranso Eloise, anthu asanamalize n'kukonza komwe.

Za kuchuluka kwa anthu: ndi oposa theka la miliyoni, ndiye kuti akuchepera Blantyre, yemwe pakalembera wa 2018 anali ndi anthu pafupifupi 800,000. Ambiri anathawiramo m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, ndipo sanabwererenso kumudzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti osaukawo ndi amene anatsalira malo otsikitsitsa. Ku Munhava, komwe anthu ndi othithikana kwambiri, nyumba zimachita kugundana ndipo dzinja anthu amaponda njerwa zondandalika m'madzi kuti afike pakhomo. Ku Praia Nova asodzi amakokera mabwato awo pamchenga, nsomba zili payanike, nyanja ili pakhomo penipeni. Ku Macuti, kumene kuli nsanja younikira sitima, ndiko kuli nyumba zolimba, ngakhale kumenekonso mafunde akudya gombe.

Pali chimodzi chokuziziritsani mtima. Kupatula Chipwitikizi, anthu a ku Beira amalankhula kwambiri Chisena ndi Chindau. Mwana wa ku Bangula sangasowe womulozera njira.

Mumuuze kuti kuyambira December mpaka March azifunsa madalaivala anzake za msewu wa EN6, womwe ndi msewu waukulu wochoka ku Beira kulowera kumtunda, asananyamuke, makamaka cha ku Tica, pomwe msewuwo umadutsa m'chigwa cha Pungwe. Madzi akakwera pamenepo, aimike thanki adikire, ngakhale abwana aziimba foni.