Mayi apezeka ndi chilonda ku care home: loya abwere, koma pambuyo pa awa

Achemwali, pepani kwambiri ndi zimene zakuonekerani. Kwa amene positi ija yakudutsani: mayi awo ali ku care home ina kuno ku England, anadwala sitiroko ndipo tsopano akuiwalaiwala. Lamlungu powasintha zovala anawapeza ndi chilonda chakuya pamwamba pa matako, mikwingwirima pamkono, komanso aonda moti siketi ikuchita kuvuka yokha. Manijala akuti ndi ukalamba basi. Achemwali akufunsa komwe angapeze loya, komanso ngati mlandu wotere umatheka.

Umatheka, ndipo za loya ndifikako. Ine ntchito yanga ndi ya care yomweyi, si ya khoti, choncho ndilankhula monga munthu wodziwa zochitika m'kati mwa nyumbazi. Loya ndi wachitatu pamzere. Woyamba ndi dokotala, wachiwiri ndi khonsolo, ndipo awiriwa musawagonetse.

Lero lomwe auzeni kuti mukufuna GP (dokotala wa mayi) kapena district nurse (namwino woyendera odwala kumene akukhala) aone chilondacho, ndipo aitanitse tissue viability nurse, namwino wa zilonda zoterezi. Akayamba za "tiona sabata yamawa", imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo ya NHS, nokha muli pomwepo. Ngati mayi atentha thupi, chilonda chikununkha kapena akungogona osagalamuka ngati kale, imbani 999, nambala ya ambulansi, chifukwa chilonda chotere chimatha kulowetsa matenda m'magazi. Woonayo alembe category yake. Zilipo zinayi: 1 khungu lasintha mtundu koma silinang'ambike, 2 lang'ambika kapena latuluka thuza, 3 chakumba mpaka pamafuta, 4 chafika pamnofu kapena pafupa. Ndiye pali ichi chimene chimatipweteka ife akhungu lakuda. Ma carer ambiri anaphunzitsidwa kuyang'ana kufiira, pamene khungu lathu silifiira. Limada kuposa pena, limatentha, limauma gwa kapena kutupa. Wina amasintha thewera m'mawa ndi madzulo osaona kanthu mpaka khungu litatseguka. Chimenechi si chowiringula, ndi udindo wa kampani kuphunzitsa anthu ake.

Ndisakunamizeni kuti chilonda chilichonse ndi umboni wa kusasamala. Munthu wofooka kwambiri amatha kutuluka chilonda ngakhale akusamalidwa bwino. Mlandu umagona pa mafunso awa: kodi anaona kale kuti mayi ali pachiopsezo? Ankawatembenuza? Anawapatsa matiresi a mpweya? Ataona kuonda anaitana ndani, liti? Chilonda cha category 3 kapena 4 home iyenera kukanena ku CQC, bungwe loyang'anira ma care home ku England. Afunseni pa imelo ngati anakanena, ndi tsiku lake. Ngati inu munachipeza nokha povula mayi, popanda amene anakuimbirani, pamenepo pali kale vuto, chifukwa malamulo a 2014 amene nyumbazi zimayendera amawakakamiza kunena zoona kwa wodwala kapena womuyimira pakachitika chovulaza.

Kenako imbani ku khonsolo ya dera limene home ili, osati ya kumene inu mukukhala, mufunse adult safeguarding, nthambi yoteteza akuluakulu osatha kudziteteza. Pansi pa Care Act 2014, gawo 42, khonsolo ikakayikira kuti munthu wamkulu wofuna chisamaliro akuzunzidwa kapena kunyalanyazidwa ndipo sangadziteteze, iyenera kufufuza. Simufunika umboni wokwanira, simufunika chilolezo cha manijala, ndipo zilibe kanthu kuti amalipira ndi khonsolo kapena banja. Tengani reference number ndi dzina la amene mwalankhula naye. Za mikwingwirimazo, ngati zikuoneka ngati zala za munthu, kapena mayi akumanjenjemera wina wake akalowa m'chipinda, imbaninso kupolisi pa 101. Kuzunza kapena kunyalanyaza dala munthu amene ukumusamalira ndi mlandu pansi pa Criminal Justice and Courts Act 2015, mpaka zaka 5 kundende, ndipo kampaninso itha kuzengedwa.

Pamene ndikufuna mukhazikikepo kwambiri ndi pa mapepala, chifukwa loya aliyense wanzeru adzayambira pomwepa. Lembani imelo yaifupi, yaulemu, yopempha kuti asunge zolemba zonse za mayi ndi zithunzi za CCTV ngati zilipo, poti makina ambiri amafufuta okha pakapita masabata. Kenako pemphani care plan, Waterlow score kapena chilichonse chimene amayezera chiopsezo cha zilonda, repositioning chart (tchati cha kutembenuza), food and fluid chart (cha chakudya ndi madzi), sikelo ya mwezi ndi mwezi, body map (chojambula cha thupi chosonyeza pamene pali zilonda), MAR chart ya mankhwala ndi ma incident report. Mukazilandira musangoziika m'kabati. Tchati cha kutembenuza chikakhala kuti usiku wonse chalembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, 2:00, 4:00, 6:00 ndendende osaphonya ndi mphindi yomwe, ife a ntchitoyi timadziwa kuti munthu anakhala pansi cha m'ma 7 koloko n'kudzaza zonse kamodzi. Kumene amagwiritsa ntchito mafoni, makina amasunga nthawi imene munthu analembadi, choncho pemphani audit trail. Tchati cha madzi chikamati 200ml, 200ml, 200ml pomwe inu mumapeza kapu ili patebulo lakutali, mbali ya mkono wofa ndi sitiroko, lembani zimenezo mu kabuku kanu: tsiku, nthawi, amene anali pa shifiti, zimene ananena. Jambulani chilondacho ndi rula pambali pake, mowasungira ulemu mayi. Ndipo chonde zithunzizo zisabwere mu gulu muno kapena pa WhatsApp ya banja. Ndi maliseche a kholo, komanso zitha kusokoneza kufufuza.

Musadalire kwambiri rating yopachikidwa pakhomo. Care home ya Orchid View ku West Sussex inapatsidwa "good" mu 2010, koma mu 2013 coroner, wofufuza chimene chinapha munthu, anapeza kuti kusasamala kunathandizira imfa za anthu asanu kumeneko. Amene anaulula anali wa mu ofesi, atauzidwa kuti ang'ambe mapepala a mankhwala. N'chifukwa chake imelo ija ipite msanga. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mwina akukanizani mapepalawo ponena za data protection. Apa mudziwe kuti kukhala next of kin, m'bale wapafupi, pakokha sikukupatsani mphamvu m'malamulo a kuno, ngakhale ndinu mwana woyamba. Ngati mayi akadali ozindikira, asaine kalata yokulolani, ndipo home ili ndi mwezi umodzi woti iyankhe, mwaulere. Ngati anakupatsani Lasting Power of Attorney (LPA) ya health and welfare, chikalata chokupatsani mphamvu zowasankhira za umoyo ndi chisamaliro, mutu ukadali bwino, onetsani imeneyo. Ngati palibe ndipo sakuzindikiranso, yatsopano singatheke, koma musataye mtima: a safeguarding amaona mapepalawo, ndipo loya ali ndi njira zake zowapezera. Enanu amene makolo kapena amuna anu akadali bwino, pangani LPA pano.

Munatchulanso kuti mayi masiku ano akungolankhula Chichewa. Zimachitika ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja: chinenero chophunzira ukulu chimayamba kuchoka. Ndiye munthu akulira kuti "msana ukuwawa, nditembenuzeni", wina akulemba mu notes kuti "agitated, shouting". Werengani ma daily notes ndi diso limenelo. Limbikirani kuti nkhani ya chinenero ilowe mu care plan, ndipo a khonsolo akamabwera kudzalankhula ndi mayi pakhale womasulira kapena advocate wowalankhulira, osati wantchito wa pomwepo.

Ndikudziwa mantha awiri amene ali mumtima. Oyamba ndi akuti mukadandaula adzakuletsani kulowa kapena adzathamangitsa mayi. Kuyambira mu April 2024 kulola alendo ndi lamulo kwa ma care home a ku England, kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo kudandaula si chifukwa. Akakupatsani notisi yoti mayi achoke mutangodandaula, werengani kontirakiti, kawirikawiri imanena masiku osachepera 28, ndipo kaneneni msanga kwa social worker ndi ku CQC. Mantha achiwiri ndi athu a Chimalawi: "tiwaphera ntchito ana a eni ake", makamaka poona kuti pa shifiti pali anzathu a ku Zimbabwe, Nigeria, Ghana, mwinanso a kwathu konkuno, amene visa yawo ili m'manja mwa bwana. Ndikumvetsa, ndine mmodzi wa iwo. Koma nthawi zambiri chilonda chotere sichibwera ndi nkhanza ya munthu mmodzi. Chimabwera poti usiku pamakhala anthu awiri kolido yonse, matiresi anaboola mwezi watha, ndipo amene ananena anauzidwa kuti akhale chete. Dandaulo lanu liloze kampani ndi kayendetsedwe kake. Ma carer muli muno, mutha kuuza CQC osatchula dzina, ndipo bungwe la Protect limapereka uphungu waulere kwa oulula zoipa kuntchito.

CQC muiuze ndithu, koma simaweruza dandaulo la munthu mmodzi, imangogwiritsa ntchito nkhani yanu poyendera. Ofufuza madandaulo ndi Local Government and Social Care Ombudsman, mwaulere, ngakhale kwa odzilipirira okha. Mumayamba mwadandaula ku home polemba, akakuyankhani zosagwira mtima mumapita kumeneko, pasanathe miyezi 12 chidziwireni vutolo. Ngati amalipira ndi NHS Continuing Healthcare, ndondomeko imene NHS imalipirira chisamaliro chonse, njira yake ndi ya madandaulo a NHS. Ombudsman amatha kunena kuti akupepeseni, akubwezereni zina mwa ndalama, asinthe kachitidwe. Koma nkhani imene mwapita nayo kale kukhoti kawirikawiri saigwira, ndiye funsani loya musanasankhe njira. A ku Scotland, zanu ndi zosiyana, Care Inspectorate imafufuza yokha madandaulo.

Tsopano loyayo. Osati amene anakuthandizani za visa kapena kugula nyumba, ngakhale mumapemphera naye. Mukufuna solicitor wa clinical negligence (kusasamala pa chithandizo cha odwala) kapena personal injury (milandu yovulala) amene anagwirapo milandu ya care home. Fufuzani pa Find a Solicitor ya Law Society, mutsimikize kuti ali m'kaundula wa Solicitors Regulation Authority. Bungwe la AvMA, lothandiza ovulazidwa polandira chithandizo cha zaumoyo, limalozera maloya oyenera, ndipo Care Rights UK, Age UK ndi Hourglass amapereka uphungu waulere. Samalani ndi makampani otsatsa pa Facebook amene amangotenga dzina lanu n'kukapereka kwa maloya ena. Maloya ambiri amagwira pa no win no fee, kutanthauza kuti mukaluza loyayo simumulipira. Mukawina amadula success fee, yomwe singadutse 25 peresenti ya ndalama za ululu ndi za zimene munataya kale, ndipo pangakhalenso inshulansi yodulidwa pomwepo. Afunseni alembe kuti pa £10,000 iliyonse mayi atsala ndi zingati. Legal aid, thandizo la boma lolipirira loya, pa milandu yambiri yovulala inachotsedwa mu 2013, koma ikadalipo pa nkhani za community care ndi zina za kuzunzidwa kwa anthu osatha kudziteteza, malinga ndi chuma cha mayi, choncho funsani.

Nthawi yotsegulira mlandu wovulala ndi zaka 3 kuchokera pamene zinachitika kapena pamene zinadziwika. Kwa munthu amene sakuzindikira moti sangayendetse mlandu, nthawiyi imaima, koma musaziweruze nokha zimenezo, ndipo mlandu wa pansi pa Human Rights Act 1998 uli ndi chaka chimodzi chokha. Mlanduwo ndi wa mayi. Ngati sangauyendetse okha, inu mumangowayimira ngati litigation friend, ndipo woweruza ayenera kuvomereza ndalama zilizonse zimene mwagwirizana. Achibale akumudzi asamve "chipukuta misozi" n'kuyamba kuwerengera malata. Kwa munthu wokalamba yemwe sankagwiranso ntchito ndalamazi sizikhala zambiri, zimachedwa, ndipo ndi zosamalira mayi. Home ikakupatsani kandalama kapena kuchotsera fizi kuti musaine pepala loti nkhani yatha, musasaine loya asanalione.

Za kamera yobisa imene ena anena m'makomenti: ena inawathandizadi, ndipo CQC inatulutsa malangizo ake mu 2015, koma imajambulanso mayi akusamba ndi anthu ena osakhudzidwa. Funsani kaye uphungu. Pakadali pano sinthani nthawi zoyendera, tsiku lina 8 koloko m'mawa, tsiku lina nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo mugawane ndi abale kuti pasadutse tsiku popanda wofika. Mukaona kuti sipakusintha, uzani social worker kuti mukufuna care review yachangu ndi malo ena, osadikira kuti kufufuza kuthe.