App yopemphera tchuthi imene antchito akuikana: muyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amayang'anira za antchito pa kampani ina ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Akuti kampani idawagulira app ya pafoni yopemphera tchuthi, koma mpaka lero anthu akubwerabe ndi fomu yapepala, ena amangotumiza uthenga pa WhatsApp kwa supavaiza. Mabwana avomera kuti ikonzedwenso, ndiye akufunsa: "Tisinthe maonekedwe ake, kapena tingolamula kuti fomu yapepala yatha?"

Mayi, zonse ziwirizo dikirani nazo kaye. Simunadziwe chimene anthu akuthawa, ndipo mukasintha mitundu ndi mabatani musanachidziwe, ndalama zipita koma mafomu azibwerabe.

Choyamba n'kukaona ndi maso mmene anthu amaigwiritsira ntchito. Kufunsa kuti "kodi app mukuiona bwanji?" sikungakuthandizeni, makamaka wofunsayo mukakhala inu a ku HR, ofesi yoona za antchito. Mlonda kapena dalaivala adzakuyankhani kuti "ili bwinobwino, madamu", poti ndani angafune kunyoza chinthu chimene mabwana adagula? Ngati n'kotheka, pezani munthu amene sasainira tchuthi cha aliyense kuti ndiye akhale nawo pansi. Iyeyo apereke ntchito yeniyeni: "Mwalandira uthenga wa maliro kumudzi, mukufuna masiku atatu kuyambira mawa, pemphani." Kenako akhale chete. Asaloze batani, asathandize, angoyang'ana pamene chala chaima ndi kumvetsera zimene munthuyo akung'ung'udza. Zichitike pa foni ya mwiniwakeyo, kaya ndi itel kapena Tecno yodzaza zithunzi, ndi bandulo yakeyo, osati pa foni yabwino ya ku ofesi yolumikizidwa ku Wi-Fi. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo app yofuna intaneti yonse kwa iwowo ndi yotseka ngakhale itakongola bwanji.

Simufunika anthu ambiri. Jakob Nielsen, katswiri wa zoyesa mapulogalamu, adalemba m'chaka cha 2000 kuti anthu 5 amakuonetsani pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito. Kungoti mfundoyi imagwira pa anthu ofanana. Wa muofesi amene amakhala pa kompyuta tsiku lonse sangaimirire wa shifiti ya usiku, choncho tengani ochepa m'gulu lililonse, osaiwala masupavaiza.

Mwa kuganiza kwanga, mukapeza kuti kudzaza fomu si kumene kukuvuta kwenikweni. Munthu akamapempha tchuthi amakhala ndi mafunso awiri pamtima: ndatsala ndi masiku angati, ndipo bwana waona kapena ayi? Pa WhatsApp amaona timizere tabuluu, mtima n'kukhala pansi. Fomu yapepala amaipereka m'manja, n'kumva yekha kuti "chabwino, pitani". App ikangolemba kuti pempho latumizidwa kenako zii masiku anayi, munthu sadziwa ngati agule tikiti ya basi ya ku Mzimba kapena ayi, ndipo ulendo wina sabwerezanso. Ndiye tsamba loyamba lionetse masiku otsala ndi pamene pempho lafika: lili kwa ndani, kuyambira liti. Yankho likatuluka lipitenso pa SMS.

Pa kawerengedwe ka masiku ndi pamene ma app ogula kunja amapunthwa kwambiri. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku 6 pa sabata apatsidwe masiku osachepera 18 a tchuthi pachaka, ndipo wa masiku 5 apatsidwe osachepera 15. Ngati pakampani panu pali magulu onse awiri, app iyenera kudziwa kuti Loweruka ndi tsiku la ntchito kwa uyu koma osati kwa uyo. Iyeneranso kudziwa maholide athu, monga 15 January wa John Chilembwe, 3 March, 14 May, 6 July ndi 15 October, kuti isamadye masiku a munthu pachabe. Eid imayendera mwezi, kotero pakhale poti inu mulowetse tsikulo likalengezedwa. Munthu akangoona kamodzi kuti app yamudyera tsiku, nkhaniyo imafika kukantini lisanalowe dzuwa.

Mitundu ya tchuthi nayo isasakanizidwe. Lamulo lomwelo limapereka masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro kwa wodwala amene wagwira ntchito miyezi 12, komanso masabata 8 a uchembere pa zaka zitatu zilizonse. Wodwala sapempha pasadakhale, choncho app imulole kulemba masiku amene adutsa kale ndi kujambula kalata ya kuchipatala. Apa funsani anthu mosamala kuti kalatayo akufuna aione ndani. Alipo amene amasankha pepala chifukwa safuna kuti supavaiza adziwe matenda awo, ndipo sangakuuzeni pagulu.

Masupavaiza nawo ali ndi vuto lawo. Ambiri amachedwa kuyankha chifukwa sakuona kuti sabata imeneyo wina ndani sadzakhalapo, ndiye amadikira kukafunsa kaye. Aonetseni kalendala ya gulu lawo pomwe pali batani lovomera. Funsaninso kuti supavaiza akakhala kuti nayenso ali pa tchuthi, pempho limagwera kwa ndani, chifukwa ma app ambiri amangolisiya lili lende.

Mukamva zonsezi, musathamangire kwa okonza app. Jambulani masamba atsopanowo papepala ndi bolopeni, muwaonetse anthu ena asanu, muone ngati akupeza njira okha. Kufufuta papepala n'kwaulere, pamene wokonza pulogalamu amalipiritsa.

Za fomu yapepala, isiyeni ikhalepo pakadali pano, ndipo ya amene alibe foni ya intaneti muziilowetsa nokha mu app kuti masiku aziwerengedwa malo amodzi. Musanasinthe kalikonse, lembani mafomu angati akubwera pamwezi ndiponso pempho likutenga masiku angati kuti liyankhidwe. Manambala awiri amenewa ndi amene mudzapite nawo kwa mabwana pakatha miyezi itatu app yatsopano itayamba kugwira ntchito.