Tulo tikamathawa pakati pa usiku: yankho kwa mayi wa ku Ulongué

Mayi wina wa ku Ulongué wandilembera pa imelo. Amaoda mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Amuna awo ali kumigodi ya malasha ku Moatize pa kontirakiti yomwe yatsala pang'ono kutha. Mayiwa ali mu xitique (gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana), ali ndi ngongole ya feteleza, ana ali pasukulu. Akuti madzulo amagona bwinobwino, koma pakati pa usiku amadzidzimuka mtima ukugunda, n'kukhala maso mpaka tambala kulira. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndikudwala, kapena chikhulupiriro changa chachepa?"

Amayi, chikhulupiriro chanu chisiyeni, chilibe mlandu. Thupi likamva kuti pali ngozi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol m'magazi. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'mimba mumatentha. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa njoka yomwe ili panjira ndi ngongole yomwe ili m'mutu, zonse limazilandira mofanana. Komanso cortisol amayamba kukwera yekha mwa munthu aliyense usiku ukamapita kum'bandakucha. Ndiye munthu wamaganizo akadzidzimuka nthawi imeneyo, chilichonse chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili masana.

Chimene ndikufuna mugwire kwambiri ndi ichi: nkhawa zanu muziziwerengera masana, papepala, osati usiku pamphasa. Tengani kope lomwe mumalembamo za geni. Dzuwa likapendeka, musanayambe zophika, khalani pansi mphindi 15. Lembani chilichonse chomwe chikukudyani mumtima, ndipo pambali pake muike zinthu ziwiri: mametikali angati, ndi tsiku liti. Mudzaona kuti nkhawa zina zikuvomera kulembedwa choncho. Ndalama ya xitique ili ndi tsiku lake, ngongole ya feteleza ili ndi mwini wake amene mungamupeze n'kukambirana naye. Ngati mwezi uno simukwanitsa, auzeni anzanu a xitique lero, mupemphe kusinthana ndi wina. Manyazi ouza anthu kudakali nthawi ndi aang'ono poyerekeza ndi ofika tsiku lopereka muli chimanjamanja.

Zina sizivomera. Zoti kontirakiti iwonjezedwa kapena ayi sizili m'manja mwanu, ngakhalenso mwa amuna anu. Mu 2022 kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa Moatize kwa Vulcan, ndipo anagwirizana zimenezo ndi anthu okhala kutali kwambiri ndi Tete. Chaka chomwecho, mu Januwale, namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè. Panalibe amene akanauchirikiza posagona tulo. Komabe nkhawa yotereyi ili ndi kachigawo kanu. Funso lakuti "adzawachotsa kodi?" lilibe yankho, koma lakuti "malipiro atasiya kubwera miyezi itatu, tingadye chiyani, tingayambe kudula pati?" lili nalo. Limeneli mukambirane ndi abambo a kunyumbako akabwera, kope lili pakati. Mwina nawonso sakugona ku Moatize, aliyense akubisira mnzake poganiza kuti akumuteteza.

Njira imeneyi si yongopeka ine. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu, kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupeza chochita sabata imeneyo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti anthu okhala pabenchipo ankapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chomwe ndimakondapo ndi chakuti agogowo salamula, munthu amasankha yekha. Inunso pezani munthu mmodzi wosunga pakamwa, kaya ndi mchemwali wanu, kaya mayi wa kumpingo. Mmodzi ndithu. Gulu la WhatsApp si malo ake, kumeneko mukatenga nkhawa yachiwiri.

Nanga usikuwo? Mukadzidzimuka, musagwire foni kuti muone nthawi kapena za mu M-Pesa. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, mubwereze kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya motalika ndi kumene kumatsitsa liwiro la mtima. Ganizo likabwera, liuzeni kuti lalembedwa kale ndipo nthawi yake ndi mawa madzulo. Poyamba zimamveka zachibwana, koma mutu umazolowera. Ngati mumapemphera, pempherani, sizilimbana ndi zimenezi.

Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija mumagula podikira chapa (minibasi), zilekeni ikakwana nthawi ya nkhomaliro, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la caffeine limakhala likadali m'thupi. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku. Mapiritsi a tulo ngati diazepam musagule mwamseri, thupi limawazolowera msanga n'kuvuta kusiya. Zoti muzichita masewera olimbitsa thupi sindikuuzani, munthu wonyamula matumba a mbatatesi pa dzuwa la mu Okutobala ku Tete wachita kale zokwanira. Inu chikusowa ndi tsiku lopuma.

Tsopano ku funso lanu loyamba, lakuti kodi mukudwala. Pa imelo sindingakupimeni, ndipo kugunda kwa mtima kumabweranso ndi BP, kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro. Pitani kuchipatala ku Ulongué komweko akakuyezeni. Ngati papita masabata awiri mtima uli wolemera tsiku ndi tsiku, chakudya sichikukoma, zomwe munkasangalala nazo zazirala, musangonena kuti mutu ukuwawa, angakupatseni paracetamol n'kubwerera. Nenani kuti simukugona chifukwa cha maganizo ndipo mukufuna kuonana ndi técnico de psiquiatria. Awa ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyi, ndipo kuonana nawo si kuti mwachita misala. Ganizo lodzivulaza kapena lofuna kufa likabwera, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu tsiku lomwelo, akuperekezeni kuchipatala.