Dothi lakuya la pamiyala ya laimu: n'chifukwa chiyani mbewu zikuchita chikasu pa nthaka yachonde?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera. Iwo akuti ali ndi munda wa dothi lofewa, losakanikira bwino mchenga ndi dongo, lakuya kupitirira mita imodzi, ndipo pansi pake pali mwala woyera wa laimu. Atakayezetsa dothilo anauzidwa kuti pH yake, umene ndi muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi, ndi 8.0, kutanthauza kuti dothilo si la asidi. Silivuta kulima ndipo madzi sadikhamo, koma masamba anthete a malalanje ndi soya amachita chikasu, pamene a chimanga amatuluka mizere yoyera ngakhale athire feteleza wokwanira. Mnzawo wawalangiza kuti athire salufa wambiri. Akufuna kudziwa ngati nthakayi ndi yabwino, ndiponso mbewu zimene zingachite bwino pamenepo.

Inu amene mwandilembera, nthaka yanuyo ndi yabwino ndithu, ndipo alimi ambiri angaisirire. Vuto lake silikhala kusowa kwa chakudya cha mbewu, koma kuti laimu amamanga zina mwa zakudyazo kotero kuti mizu imalephera kuzitenga. Ndalama zanu zigwire ntchito posankha mbewu zoyenera ndi kusintha kathiridwe ka feteleza, osati polimbana ndi laimuyo, chifukwa nkhondo imeneyo simungapambane.

Mwala wa laimu ndi wopangidwa makamaka ndi calcium carbonate. Madzi a mvula akasakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide amakhala ndi kaasidi kofooka kamene kamasungunula mwalawo pang'onopang'ono, ndipo chimene chasungunukacho chimapita ndi madzi. Dothi limapangidwa ndi zotsalira zimene sizisungunuka, monga dongo, timchenga ndi dzimbiri la ayironi. N'chifukwa chake mwala wa laimu wopanda zosakaniza zambiri umasiya kadothi kochepa kwambiri, kamene akatswiri amakatcha rendzina, kamene khasu limagunda mwala likangolowa pang'ono. Dothi lakuya ngati lanulo limapezeka pamene mwalawo unali ndi dongo lambiri, kapena m'munsi mwa zitunda momwe madzi akhala akutsitsira dothi kwa zaka zikwizikwi, kapenanso pamene mphepo inaunjika fumbi pamwamba pa mwala. Dziwaninso kuti si dothi lonse lokhala pa mwala wa laimu limene lili ndi laimu. Kumadera a mvula yambiri laimu wa pamwamba amakokoloka mpaka dothilo kukhala la asidi ngakhale mwala uli pansi pomwepo. Kuti mutsimikize, kumbani dzenje, mutenge dothi louma la pamwamba, la pakati ndi la pansi, mudonthezerepo viniga. Pamene pakuchita thovu ndi pamene pali laimu, ndipo kukula kwa thovulo kumasonyeza kuchuluka kwake.

Ubwino waukulu wa dothi lotere uli pa kaumbidwe kake. Kashiamu, amene ali mu laimu, amagwirizanitsa tizidutswa ta dongo kukhala timibulu tating'onoting'ono, ndipo pakati pa timibuluti pamatsala mipata yodutsa madzi, mpweya ndi mizu. Ndicho chifukwa chake munda wanu sudikha madzi komanso sukhala wouma gwa mvula ikadula, pakuti dothi lakuya limasunga chinyezi chimene mizu imachitsatira pansi. Nyongolotsi zimakonda dothi lopanda asidi, momwemonso tizilombo ta m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba timene timakoka nayitirojeni kuchokera mu mpweya. Aluminiyamu, amene amapsereza mizu m'dothi la asidi, pano alibe mphamvu. Ndipo simudzagulapo laimu wothira m'munda, amene alimi a nthaka ya asidi amagula nthawi ndi nthawi.

Tsopano tibwere pa chikasu chija, pakuti m'pamene pagona nkhani. Dothi lanu lili ndi ayironi wambiri, mwina kuposa amene mbewu zingafune kwa zaka mazanamazana, koma pH ikafika cha m'ma 8 ayironiyo sasungunuka m'madzi, ndiye ali ngati chakudya chimene chili m'nyumba yokiya. Mbewu siitha kusamutsa ayironi kuchokera m'masamba akale kupita m'masamba atsopano, motero masamba anthete ndiwo amayamba kuchita chikasu pamene mitsempha yake idakali yobiriwira. Chizindikiro chimenechi chimasiyana ndi cha kusowa kwa nayitirojeni, kumene kumayambira m'masamba akale a m'munsi, tsamba lonse n'kufwifwa. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, n'kumawonjezera feteleza wobereketsa pa mbewu imene vuto lake ndi lina. Chikasuchi chimakula dothi likanyowa kwambiri, chifukwa mpweya wotuluka m'mizu umatsekeredwa n'kupanga bicarbonate, amene amalepheretsa mizu kutenga ayironi. Ngati mumathirira malalanje anu, yambani mwaona ngati simukuwamwetsa madzi mopitirira muyezo. Mizere yoyera ya m'masamba a chimanga chaching'ono kawirikawiri imasonyeza kusowa kwa zinki, amene nayenso amamangidwa ndi laimu, makamaka pamene dothi la pamwamba linakokoloka kapena linachotsedwa posalaza munda.

Malangizo a mnzanu aja ali ndi nzeru yake, pakuti salufa amatsitsadi pH, koma tiyeni tiwerengere. Dothi la pamwamba lakuya masentimita 20 pa hekitala imodzi limalemera matani pafupifupi 2,600. Ngati gawo limodzi lokha pa magawo 100 ndi laimu, ndiye kuti muli matani 26 a laimu, ndipo kuti onsewo asungunuke pafunika matani oposa 8 a salufa. Dothi lambiri la mtundu uwu lili ndi magawo 10, 20 kapena kuposerapo, ndipo pH siitsika mokhalitsa kufikira laimu yenseyo atatha. Salufa angathandize m'kabedi ka maluwa kapena m'dzenje la mtengo umodzi, koma pa munda wonse kumeneko n'kutaya ndalama.

Chimene chimagwira ntchito ndi kathiridwe. Fosifolasi akamwazidwa ponseponse amagwirana ndi kashiamu n'kusanduka chinthu chosasungunuka msanga, choncho muikeni pamalo amodzi, m'kamzere kapena m'kadzenje pafupi ndi mbewu pa nthawi yobzala, kuti akhudzane ndi dothi lochepa. Mwala wa fosifeti wongopera musaugule, chifukwa umafuna dothi la asidi kuti usungunuke. Urea ndi ammonium sulphate zikasiyidwa pamtunda pa dothi la laimu, gawo lina la nayitirojeni limauluka ngati mpweya wa amoniya, makamaka kukatentha, ndiye muzikwirira kapena kuthirira madzi mukangothira. Zinki mungamupereke pothira zinc sulphate m'dothi kapena popopera masamba. Ayironi ndiye wovutirapo. Iron sulphate wothira m'dothi amamangidwa posakhalitsa, ndipo wopopera amangobiriwitsa masamba amene wawakhudza, kotero kuti masamba otuluka pambuyo pake amafunanso kupoperedwa. Mwa mankhwala a ayironi othira m'dothi, amene amapirira pH yokwera ndi a mtundu wa EDDHA, pamene a EDTA amatha mphamvu, koma EDDHA ndi wokwera mtengo moti amayenera mitengo ya zipatso, osati mbewu za m'munda waukulu. Manyowa owola bwino ndi zotsalira za mbewu zimathandiza pa zonsezi, chifukwa zikamawola zimatulutsa zinthu zimene zimagwira ayironi ndi zinki kuti asamangidwe msanga.

Pa nkhani ya mbewu, tirigu, balere, thonje, tchana, anyezi ndi msipu wa ziweto wotchedwa lucerne zimachita bwino pa dothi lotere, ndipo lucerne ndiye amapindula kwambiri ndi kuya kwake popeza mizu yake imalowa mamita angapo. Kabichi ndi mbewu za mtundu wake zimapulumuka ku matenda otupitsa mizu otchedwa clubroot, amene amakonda dothi la asidi. Chimanga chimabereka bwino bola zinki akhalepo. Azitona, maamondi ndi mphesa zakhala zikulimidwa pa nthaka ya laimu kuzungulira nyanja ya Mediterranean kuyambira kalekale. Tiyi, chinanazi ndi mabulosi otchedwa blueberry musayese n'komwe, chifukwa zimafuna dothi la asidi. Mbatatesi imabereka koma khungu lake limachita nkhanambo. Soya ndi mtedza zimasiyana malinga ndi mtundu, ndiye pogula mbewu funsani mitundu yopirira kusowa kwa ayironi.

Mbiri ya mphesa ili ndi phunziro lokhudza malalanje anu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kachilombo kotchedwa phylloxera kanawononga mizu ya mphesa ku France, ndipo alimi anayamba kumezanitsa mphesa zawo pa matsinde a mphesa za ku America zimene zinkapirira kachilomboko. M'madera a laimu wambiri monga Cognac matsinde oyambawo anachita chikasu n'kufa. Mu 1887 katswiri wina, Pierre Viala, anapita ku America, ndipo mothandizidwa ndi Thomas Volney Munson wa ku Texas anapeza kuti mphesa zakutchire zotchedwa Vitis berlandieri zimamera bwino m'mapiri a laimu a kumeneko. Matsinde ochokera ku mtundu umenewu ndiwo anapulumutsa minda ija, ndipo akugwiritsidwabe ntchito lero. Alimiwo sanasinthe dothi, anasintha mizu. Momwemonso, malalanje omezanitsidwa pa tsinde la trifoliate orange amavutika kwambiri pa laimu, pamene a pa tsinde la sour orange kapena Cleopatra mandarin amapirira, ngakhale kuti sour orange amagwidwa msanga ndi matenda a tristeza kumene matendawo alipo. Mitengo imene muli nayo kale ithandizeni ndi EDDHA ndi kuchepetsa madzi, koma mukamadzagula mbande zina funsani kaye dzina la tsinde lake.

Musanabzale mitengo yambiri, kumbani maenje angapo m'mbali zosiyanasiyana za mundawo, chifukwa mwala wa laimu susungunuka mofanana, ndipo pamene apa pali dothi la mita imodzi, mapazi ochepa kutsogoloku mwala ungakhale pafupi ndi pamtunda. Yang'ananinso ngati palibe chikhakha cholimba cha laimu pakati pa dothi, chimene chimapezeka kumadera ouma ndipo chimatchinga mizu. Mwala wa pansiwo umakhala ndi ming'alu ndi mapanga momwe madzi amathamanga osasefedwa, motero feteleza wa nayitirojeni muzimuthira pang'onopang'ono kangapo m'malo mwa kamodzi, ndipo khola, dzala la manyowa kapena zotengera za mankhwala zisakhale pafupi ndi malo amene nthaka inatitimira, chifukwa zolowa pamenepo zimakatulukira m'zitsime ndi mu akasupe a anthu okhala kumunsi.