Zilembo za DO ndi funso la komwe mukaphunzire ntchito ya ER

Imelo iyi inandipeza Lachiwiri usiku ndikuvula nsapato pakhomo, nditangoweruka ku shifiti ya maola 12. Alemba ndi achemwali ena, mwana wa Amalawi anzathu okhala kuno ku America, amene ali m'chaka chachitatu pasukulu ya udokotala ya DO (imodzi mwa madigiri awiri a udokotala kuno) ndipo mtima wawo uli pa emergency medicine, ntchito ya ku ER kolandirira odwala mwadzidzidzi ndi angozi. Funso lawo, lokhudza residency, maphunziro a pachipatala amene dokotala amachita akamaliza sukulu, ndi lalifupi: "Kodi ndithamangire residency ya pachipatala cha dzina lalikulu kuti anthu asadzandiyese dokotala wa theka, kapena ndingopita kumene ma DO amalandiridwa kale?" Ndinawerenga kawiri, chakudya chikuzizira patebulo, tulo n'kuthawa. Mawu akuti "dokotala wa theka" aja ndi amene anandilasa, chifukwa ndinawasenza ineyo zaka zambiri.

Tsiku limene sukulu ya DO inanditenga ndinaimbira foni mayi ku Zomba. Anaimba nthungululu mpaka foni kulira m'khutu, kenako anatsitsa mawu: "Koma mwanangu, DO imeneyo ndi udokotala weniweni? Kapena ndi zowongola mafupa?" Amalume, amene nkhani za kunja amazidziwa zonse ngakhale sanakwerepo ndege, anagamula paukwati wina kuti ine ndikuphunzira u-clinical officer wa ku America. Ankanena monyoza. Pano ndikakumbukira ndimaseka, popeza ma clinical officer ndi amene anyamula zipatala za m'maboma kwathu. Ndi iwo amene amachita opaleshoni mayi wolephera kubereka pakati pausiku, dokotala ali kutali. Akanadziwa amalume kuti akunditamanda, sakananena.

Kwa amene simukudziwa, ku America madigiri a udokotala alipo awiri, MD ndi DO. Ya DO inachokera kwa Andrew Taylor Still, amene anatsegula sukulu yake ku Kirksville, m'chigawo cha Missouri, mu 1892. Timaphunzira zaka zinayi ngati anzathu a MD, matenda omwewo, mankhwala omwewo, kungowonjezapo luso lokonza minofu ndi mfundo za thupi ndi manja, lotchedwa OMT. Layisensi yake ndi yathunthu m'zigawo zonse 50. Zonsezi ndinkazidziwa ndipo ndinkawafotokozera anthu mpaka kuuma pakhosi. Koma kukayika kwa anthu kukakulowa m'mutu, kumayamba kukusankhira zinthu iwe osadziwa.

M'nthawi yanga Match, njira zogawira ophunzira malo a residency, zinali ziwiri: ya bungwe la AOA, ya ma DO okhaokha, imene zotsatira zake zinkatuluka mu February, ndi ya bungwe la NRMP, ya ma MD ndi ma DO omwe, ya mu March. Ukapeza malo ku AOA, dzina lako linkachotsedwa ku NRMP, nkhani yatha. Ine ya AOA ndinakana kulowa. Anzanga ndinkawauza kuti chifukwa chake mapulogalamu a ER a kumeneko ndi a zaka zinayi, koma linali bodza. Ndinkafuna dzina loti amalume akalimva atseke pakamwa. Ndinalemba COMLEX, mayeso a layisensi a ma DO, ndinalembanso USMLE, a ma MD, mayeso awiri, ndalama ziwiri, mutu umodzi womwewu. Kenako ndinakongola ndalama ya lendi ya mwezi umodzi mumzinda wina wa kum'mawa kuti ndikachite away rotation, kuphunzira ntchito ngati mlendo, pachipatala china chotchuka, chimene sindichitchula.

Anthu a kumeneko sanali oipa mtima. Koma tsiku lachiwiri dokotala wamkulu wina ataona baji yanga anagwira m'chiuno n'kunena kuti msana ukumupweteka, ndimuthyolethyoleko. Onse anaseka, inenso ndinaseka, kuseka kwa mlendo kuja. Pakhoma la kolido panali zithunzi za ma resident onse, madokotala ochita residency kumeneko, ndipo ndinawerenga zilembo za pansi pa chithunzi chilichonse ngati mwana wofunafuna dzina lake pa zotsatira za MSCE. Panalibe DO ngakhale mmodzi. Yankho linali pakhoma pomwepo, koma ine ndinkati ndidzakhala woyamba. Wangozi akafika, chipinda chinkadzaza thothotho: ma resident a opaleshoni, ogonetsa tulo, ma fellow (omaliza residency amene akuwonjezera ukatswiri), aliyense ndi magolovesi ake. Resident wa ER wa chaka chachiwiri ankaima kumbuyo akulemba pakompyuta. Ngakhale chimenecho sindinachione ngati vuto, maso anali atachita khungu ndi dzina. Ku intavyu sanandiyitane.

Ndinakagwera pulogalamu imene ndinaiika pa nambala 5 pamndandanda wanga wa Match, chipatala cha anthu wamba ku Midwest, mumzinda wa mafakitale otsekedwa ndi chisanu cholowa m'mafupa. Pa Match Day, tsiku lotuluka zotsatira, anzanga akujambulitsa ndi makolo awo, ine ndinali m'galimoto ndikulira. Mwezi wachitatu nditayamba, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ambulansi inabweretsa bambo wogundidwa ndi galimoto, phapo limodzi litaphwa, milomo ikuda. Kunalibe fellow, kunalibe khamu. Dokotala wamkulu, mayi wa imvi amenenso anali DO, anandipatsa mpeni n'kuloza ndi chala pakati pa nthiti. Anati, "Apa. Ine ndili pompano." Ndinacheka, ndinaboola, mpweya unatuluka kuti fuu, ndinalowetsa chubu, bambo uja n'kuyamba kupuma bwino. Manja anasiya kunjenjemera nditafika kale kumalo omwera khofi. Nesi wina wachikulire anandisisita paphewa osanena kanthu. Mpaka lero ndikalowetsa chubu m'chifuwa ndimamva mawu a mayi aja.

Ndiye achemwali, poyamba ndimafuna kukuyankhani mofatsa kuti njira zonse zili ndi ubwino wake. Ayi, ndasintha maganizo ndikulemba pompano. Kusankha residency kuti ikuchizeni manyazi a zilembo ndi kulakwitsa, ndipo sindikuchotsera. Ngati mukufuna kafukufuku, kapena kudzaphunzitsa payunivesite yaikulu, dzina limathandizadi, ndipo ma DO ena alowa kumeneko zinthu n'kuwayendera. Koma funso lanu silinatchule kafukufuku. Latchula zimene anthu adzanene. Anthu amenewo sadzakhalapo usiku umene mwana wa miyezi isanu ndi umodzi adzasiye kupuma m'manja mwanu muli nokha pachipatala cha kumudzi ku Nebraska. Chidzakhalepo ndi chiwerengero cha ana amene munawagwirapo muli resident.

Komanso dziko lasintha kusiyana ndi nthawi yanga. Kuyambira 2020 ma residency onse ali pansi pa ACGME, bungwe lowapatsa chilolezo, ndipo Match ndi imodzi. Mu 2021 kunatuluka kafukufuku wolosera kuti pofika 2030 madokotala a ER adzachuluka ndi 7,845 kuposa ntchito zopezeka. Nkhaniyo itakumana ndi kutopa kwa Covid, ophunzira ambiri a MD anathawa. Mu 2022 malo 219 a ER anatsala opanda munthu pa Match, mu 2023 anatsala 554. Mwadzidzidzi mapulogalamu amene ankatiyang'ana cham'mbali anayamba kutimwetulira. Ndikuvomera, zinandikoma pang'ono, ndine munthu. Koma kumwetulira kwa wosowa anthu musakuyese chikondi. Funsani kuti ma DO anayamba kuwatenga liti, ndipo alipo amene anakhalapo chief resident kapena mphunzitsi?

Msampha wina uli mbali inayo, ndipo umenewu ndi umene umandikwiyitsa kwambiri. Zaka zapitazi mapulogalamu atsopano a ER aphuka ngati bowa, ena m'zipatala za makampani ofuna phindu, kumene resident amaoneka ngati wantchito wotsika mtengo. Nyumba zonyezimira, chakudya chaulere pa tsiku la intavyu, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Sikuti pulogalamu yatsopano iliyonse ndi yoipa, koma fufuzani kuti mwini chipatala ndani, ndipo madokotala amene adzakuphunzitseni amalipidwa ndi yani. Ku Akron, Ohio, chipatala cha Summa chinasintha gulu lonse la madokotala a ER kumayambiriro kwa 2017, ndipo chaka chomwecho residency yake inalandidwa chilolezo. Mu 2019 Hahnemann ku Philadelphia, chipatala cha dzina lakalekale, chinatsekedwa, ma resident ndi ma fellow oposa 500 n'kuyamba kusakasaka kolowera. Dzina silinawapulumutse.

Za mayeso

Kuyambira 2022 USMLE Step 1 ndi COMLEX Level 1 zimangonena kuti wakhoza kapena walephera, malikisi kulibe. Choncho maso ali pa Step 2 CK ndi Level 2. Maganizo anga: ngati mayeso oyeserera akusonyeza kuti Step 2 mukhoza bwino ndipo ndalama ilipo, lembani, imatsegula zitseko zina. Ngati mukupenekera, musalembe pongofuna kuoneka. Kulephera kumakhala pa fayilo mpaka kalekale. Mapulogalamu ambiri amalandira munthu wa COMLEX yokha, wopanda USMLE. Ndipo ku ER chimene chimalemera kuposa zonsezi ndi SLOE, kalata imene amakulemberani kumene mwachita rotation, yokufananitsani ndi ophunzira anzanu. Sukulu zambiri za DO zilibe residency yawoyawo ya ER, ndiye SLOE muyenera kukaisaka kunja kudzera ku VSLO, tsamba la pa intaneti lofunsira ma away rotation, ndipo malo amatha msanga. Kachiteni away rotation kumene angakutengeni, osati kumene mukufuna kukajambulitsa chithunzi ngati ine.

Zaka zitatu kapena zinayi

Mapulogalamu ambiri akhala a zaka zitatu, ena zinayi, ndipo mu 2025 ACGME inapereka ganizo loti onse akhale a miyezi 48. Onani lamulo limene likhale likugwira ntchito chaka chimene mudzayambe. Ine ndinachita zitatu ndipo sindinamve kupelewera, koma ndikudziwa kuti chimene chinkandithamangitsa si maphunziro, inali ngongole ya sukulu ndi foni zochokera kumudzi. Anzathu obadwira kuno akawerengera chaka chowonjezera amaona malipiro awo okha. Ife timaona fizi ya ana a achimwene, feteleza wa mayi, denga la malata limene linalonjezedwa kalekale. Sindikudziwa ngati inu, amene mwakulira kuno, foni zimenezi zimakufikani, koma makolo anu zimawafika, ndipo tsiku lomwe mudzalandire cheke choyamba dzina lanu lidzadziwika mpaka kwa azakhali amene simunawaonepo. Nkhani imeneyi ndidzailemba payokha tsiku lina, chifukwa ndikaiyamba pano sitimaliza.

Zoti muchite zenizeni ndi zochepa. Tsegulani EMRA Match, tsamba la pa intaneti lofufuzira ma residency a ER, ndi masamba a mapulogalamu, muwerenge ma DO m'kalasi iliyonse. Pa intavyu funsani kuti wangozi akafika, amalowetsa chubu chopumira ndani, a ER kapena ogonetsa tulo? ACGME imafuna kuti resident achite zimenezi ka 35 asanamalize. Pulogalamu yabwino chiwerengerocho imachidutsa kutali, ndipo ma resident ake amakuuzani mosaganizira. Funsani za ana, chifukwa ndi pamene ambiri amatuluka ali opelewera. Funsani angati amakhoza mayeso a board, otsimikizira ukatswiri wa ER, ulendo woyamba, ndi angati asiyira panjira. Pezani resident wa chaka chachiwiri pomwe palibe abwana, mumufunse ngati angasankhenso pomwepo, ndipo mumvetsere kachetechete amene amabwera asanayankhe. Safunsa anadya phula. Ganizirani za mzinda, ngati pali wina woti angakubweretsereni ndiwo mutagwira usiku masiku anayi otsatizana. Polemba mndandanda wa Match, ikani pamwamba pomwe mukufunadi, osati pomwe mukuganiza kuti akukufunani, chifukwa kompyuta ya NRMP imayambira pa zofuna za wophunzira.

Mukalemba mayina khumi oyamba munditumizire pa imelo yomweyi tikaonere limodzi. Koma pambali pa dzina lililonse mulembepo chifukwa chake, ndipo paliponse pomwe chifukwacho chikhale chakuti "anthu adzandilemekeza" ndidzafufuta ndisanawerenge zina. Mawa ndikulowa 7 koloko m'mawa, ndiye mukaona ndachedwa kuyankha musadabwe.