Kuulutsa zamasewera sikufuna kuti munali wosewera

Mwafunsa ngati woulutsa zamasewera ayenera kukhala woti anasewerapo mpira. Ayi achimwene, palibe lamulo loti muyambe mwasewerapo mpira kuti muziulutsa zamasewera pa wailesi yakanema. Bill O'Herlihy wa ku RTÉ, wailesi yakanema ya dziko la Ireland, anayambira utolankhani ku nyuzipepala ya Cork Examiner, ndipo anadzatsogolera mapulogalamu a mipikisano 10 ya World Cup mpaka kupuma mu 2014. Luso lake linali kufunsa akatswiri omwe anasewerapo mpira, Eamon Dunphy, John Giles ndi Liam Brady, mafunso omwe woonera kunyumba akanafunsa.

Ambiri amagwera apa: amafuna kuonetsa nzeru, n'kumadula katswiri pakamwa. Funso likhale limodzi, lalifupi, kenako mvetserani yankho kwinaku wowongolera pulogalamu akukuwerengerani masekondi m'khutu. Popeza ntchitoyi imadalira mawu, mawuwo akasasa kupitirira milungu 3, musakakamize, kaonaneni ndi dokotala wa zapakhosi.